Tinalowa Atatu, Tinatuluka Awiri

Abale ndi alongo, zikomo pondipatsa mpata. Ndikuona ena mwazyolika poti mukundidziwa, tinkamwera limodzi. Dzutsani nkhope, lero palibe woseka mnzake. Kwa amene simundidziwa, ine ndine Dalitso, kwathu ndi konkuno kwa Malemia, kutsidya kwa mtsinje wa Domasi uko. Ntchito imene ndimaikonda ndi yoyimbira mpira. Koma musandikweze, ine si uja woyimba wezulo pakati. Ndine uja wothamanga chammbali m'mphepete mwa bwalo ndi kambendera m'manja, amene masapota amamutukwanira makolo Loweruka lililonse. Watisonkhanitsa m'tchalitchi muno masana ano ndi mowa, ndiye za mowa ndinena. Koma chimene chandidzutsa pampando kwenikweni n'kufuna kutama munthu mmodzi, Mayi Likaka.

Ndinayamba kuyimbira mipira ya m'midzi ndili mnyamata. Mwambo wake mukuudziwa. Mpira ukatha, a timu ya pakhomo salola woyimbira kupita pakhosi pali gwaa. Amabwera akumwetulira: "A lefu, tiyeni mukatsuke fumbi kukhosi." Ukakana, ndiwe wonyada, kapena wadya za timu inayo. Ndiye ine, mwana womvera, ndinkapita. Poyamba ndinkatsuka fumbi mpira utatha. Kenako fumbi lija linayamba kubwera mpira usanayambe. Mapeto ake linkabwera ndi Lachiwiri lomwe, tsiku loti palibe ndi mpira wa ana womwe.

Nthawi imeneyo n'kuti Mayi Likaka atandiona kale n'kunditenga. Iwowa anali mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale chaku Malosa, komanso woyimbira wamkulu kuno kwathu. Mayi wamfupi, miyendo yolimba ngati musi. Sindinawamvepo akukuwa pabwalo. Chimphona chikabwera chikulalata, ankangochiyang'ana mpaka chokha chiyambe kukonza masokosi. Mpira usanayambe ankayenda okha kukagwira ukonde wa golo ndi manja awo, ndipo akapeza kachithumwa katakwiriridwa pamzere ankakatola, n'kukapereka kwa mwini timu mwaulemu: "Bambo, mwataya katundu wanu." Ndi iwowa anandiphunzitsa ntchito, n'kundichotsa ku mipira ya m'midzi kundipititsa ku ya ligi. Fungo ankalimva ndithu. Anandichenjeza, ine n'kumati ndi mankhwala a chifuwa.

Kuti mumve bwino uchitsiru wanga, ndifotokoze kaye ntchito ya mbendera. Timakhala awiri, aliyense ndi theka lake la bwalo, ndipo suwoloka mzere wa pakati. Maso ako amakhala pa wotchinga kumbuyo womaliza, akapita kutsogolo iwe naye, akabwerera iwe naye, kuti uone ofusayidi. Pa hafu taimu matimu amasinthana magolo, koma iwe susamuka. Umatsala pomwepo, n'kuyamba kuyang'ana otchinga a timu inayo. Ndi zoti mwana wa sitandade wani angazimve.

Tsiku la tsoka linali la mpira waukulu chaku Malosa, wopambana amakwera ligi. Pakati panali Mayi Likaka, mbendera ina a Mpinga, bambo wachikulire wofatsa, ina ine. Ndinafika ndi matsire oopsa. Pa hafu taimu ndinati ndikataye madzi kuseri kwa sukulu, ndipo kumeneko sapota wina anandipatsa midoli iwiri, timapaketi ta mowa waukali tija, kuti mutu ubwerere m'malo. Unabwereradi! Chigawo chachiwiri chitayamba, maso anga anafunafuna munthu wanga uja ndinkamulondola poyamba, wamtali wometa mpala. Ndinamuona ali kutsidya, ine n'kumutsatira konko. Abale, mbendera zonse ziwiri zinali theka limodzi, theka langa lili pululu. Mpira unaponyedwa kumeneko, womwetsa zigoli ali yekhayekha kuseri kwa anthu onse, anachita kudikira ngati ali pa siteji ya minibasi. Anagoletsa. Mayi Likaka anacheuka kuyang'ana pamene ndimayenera kukhala, n'kupeza palibe munthu. Popanda mbendera, chigoli chija anachilola.

Bwalo lonse linakhamukira m'kati. Ine nditaona miyala, mowa wonse unathawa, ndipo ine ndinathawa nawo. Ndinaponya mbendera pansi n'kulowa m'munda wa chinangwa, liwiro la mtondo wadooka. Mayi Likaka ndi a Mpinga anatsala pakati pa anthu olusa. Ndinamva mawa lake kuti mwala unawatema mayiwo pamwamba pa diso, anakawasoka kuchipatala.

Zotsatira zake sinditaya nazo nthawi, ambiri muno njira imeneyi mukuidziwa. Anandichotsa pa oyimbira. Nsapato za mpira ndinamwera, yunifomu ndinamwera, wezulo ndinamwera. Ndinali mkamwini kwawo kwa mkazi wanga Esinati, ndipo nditayamba kutapa mpunga wa m'nyumba kukasinthitsa ndi kachasu, ankhoswe anakhala pansi. Amalume ake a Esinati sanachulutse mawu. Anati, "Bambo a Tadala, tinkafuna mkamwini wolima, osati wokolola za m'nyumba." Ndinatuluka ndi bulangeti limodzi. Ndinkagona pakhonde la mayi wotcheza kachasu, masana n'kumagwira ganyu yoingitsa mbalame m'minda ya mpunga, malipiro ake botolo. Ndikamadzandira mumsewu ana ankakweza timitengo n'kumakuwa, "Ofusayidi! Ofusayidi!" Zimenezo ndinkaseka nawo. Chimene sindinaseke ndi tsiku limene mwana wanga Tadala, akuchokera kusukulu ndi anzake, anandiona n'kuwolokera tsidya lina la msewu. Chinandipweteka kwambiri, ndipo mankhwala ake ndinakamwanso.

Munthu mmodzi yekha ndiye ndinkamuopa. Ndikangoona njinga ya Mayi Likaka patali, ndinkadumphira m'tchire, kaya muli chitedze kaya mulibe.

Tsono tsiku lina, mpunga utacha, dzuwa lili paliwombo, ndinali m'munda wa bambo wina kumunsi kwa dambo. Ndinakhala pa kachulu ndi chitini changa chomenya, mpheta zikungodya mpunga momasuka poti mlonda wake anali atafooka. Ndinaona munthu akubwera pa kamzere kopyapyala ka pakati pa minda, nsapato zili m'manja, chitenje atakwinyira m'mawondo. Kayendedwe kokha ndinakadziwa. Ndinayang'ana kothawira, koma mbali zonse kunali matope ofika m'ntchafu. Ndinangokhala pomwepo.

Anafika, anaika nsapato pansi, n'kukhala pa chulu chomwecho pambali panga. Sanandipatse moni. Anayang'ana mpheta zija kanthawi.

"Ntchito iyinso ukuilephera," anatero.

Ndinkayesetsa kupumira kumbali kuti asamve fungo. Nditaba diso ndinaona chipsera chija, chodutsa pa nsidze, tsitsi la pamenepo silinamerenso. Mpaka tsiku limenelo ndinali ndisanachione.

"Dalitso, lamulo loyamba limene ndinakuphunzitsa linali liti?"

Ndinati, "La ofusayidi, mayi."

"Bodza. Ganiza bwino."

Mutu wanga unali phala lokhalokha. Ndinapukusa.

"Ndinakuuza kuti oyimbira amalowa m'bwalo limodzi ndipo amatuluka limodzi. Kaya mpira wayenda bwino, kaya anthu akugenda, timadikirana pakati, n'kutuluka titaunjikana. Tsiku lija tinalowa atatu. Tinatuluka awiri. Kuyambira pamenepo ndikamayimba wezulo yomaliza ndimaona ngati ndaiwala kanthu. Ndiye lero ndabwera kudzatenga wachitatuyo."

Abale, ine ndinatukwanidwapo ndi bwalo lathunthu osagwetsa msozi. Koma pa chulu paja ndinalira ngati mwana, mamina ndi misozi pamodzi. Ndinati, "Mayi, chipsera icho ndi ine. Ndingayang'anane nanu bwanji?"

Anagwira pa nsidze paja n'kuseka pang'ono. "Ichi ndi cha mwala, ndipo woponya sunali iwe. Mlandu wako ndi wothawa. Ndipo ukuthawabe, ndimakuona ukudumphira m'tchire ngati gwape. Sunatope?"

"Ndatopa, mayi."

"Chabwino. Ine sindinabwere kudzakulalikira, abusa alipo ndipo amatha kuposa ine. Ndili ndi mayeso othamanga kutsogoloku, ndipo kuthamanga ndekha kumandigwetsa ulesi. Mawa dzuwa likamatuluka ndikupeze pa bwalo la sukulu. Ukapanda kubwera ndibweranso kuno, ndipo matope awa sindiwakonda."

Anatola nsapato zawo n'kumapita. Atayenda pang'ono anacheuka: "Menya chitinicho, mpunga wa eni ukutha!"

Ndinapita. Musaganize kuti ndinapita ngati ngwazi. Ndinapita chifukwa choopa kuti abweradi. Ndinathamanga theka la bwalo n'kugwada, kusanza zonse. Iwo ankangozungulira, akamadutsa pamene ndagwada amati, "Ukamaliza undipeze."

Tsono mvetserani, chifukwa apa ndi pamene pali phindu lanu. Choyamba chimene anachita mayi aja ndi kundiperekeza kuchipatala. Manja ankanjenjemera moti kapu ya madzi inkafika pakamwa ili theka, ndipo adokotala anati munthu womwa ngati ine akasiya mwadzidzidzi payekha akhoza kugwa n'kukomoka. Ndiye inu amene mwafika pamenepo, musachite manyazi, pitani akakuoneni. Kenako mayi aja anandipezera pogona kwa a Mpinga, omwe aja ndinawasiya pamoto. Bambo amene uja sanandikumbutsepo ngakhale tsiku limodzi. Anangondipatsa khasu.

Njira ndinasintha. Kuchokera kwa a Mpinga kupita kumsika, yachidule imadutsa pa mayi wa kachasu uja. Ndinayamba kuzungulira kumlatho, ngakhale mvula ikugwa. Anzanga akale ankandiitana, "A lefu, mwalowa mpingo wanji?" Ndinkangokweza dzanja osaima, chifukwa ndinadziwa kuti ndikaima kuti ndiyankhe, ndikhala pansi.

Ndinagwapo kamodzi, sindibisa. Kunali ku chinkhoswe cha msuweni wanga, wina anandipatsa kapu, ndinadzuka m'ngalande. M'mawa mwake miyendo inkafuna tchire, koma ndinapita pabwalo ndekha kukawauza Mayi Likaka. Ndinkayembekeza mawu. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Wabwera wekha? Ndiye wayamba kuchira. Thamanga." Tsiku limenelo anandithamangitsa mpaka ndinaona nyenyezi masana.

Mbendera anandibwezera pang'onopang'ono. Ndinayambira mipira ya ana a sukulu, amene ankandikuwiza aja. Kenako ya m'midzi. Mpira ukatha a timu ya pakhomo akamabwera ndi nkhani ya fumbi, Mayi Likaka ankayankha ndi iwo: "Fumbi lake ndatenga ine, lili m'botolo la thobwa ili." Tinkakwera njinga nthawi yomweyo. Patapita nyengo anakandipepesera kwa akuluakulu a oyimbira, ndinalembanso mayeso, ndinakhoza, n'kubwerera mu ligi ngati wamng'ono wa onse.

Si zonse zinabwerera. Ndinatuma ankhoswe kwa Esinati, koma anali atatopa, ndipo pano ali pabanja lina. Madzi akatayika saoleka, ndipo sindimuimba mlandu. Koma Tadala amabwera kwa ine Loweruka, ndipo mumsewu amandipatsa moni anzake akuona.

Ndifike pa nkhani imene ena munaimva pa wailesi. Mayi Likaka bondo linayamba kuvuta, ndipo ananena kuti chaka chimenecho n'chomaliza. Akuluakulu, powalemekeza, anawapatsa fainolo ya chikho chachikulu cha dziko lonse, ku Blantyre. Zaka zonse zimene anayimbira panalibe amene anawanenapo kuti adya za timu kapena aononga mpira, kupatula tsiku langa lija. Mpira umenewu ndi umene anthu adzawakumbukire nawo. Sabata ya fainoloyo mmodzi wa ambendera amene anasankhidwa anabinya mwendo, ndipo akuluakulu anawafunsa mayiwo kuti akuganiza ndani. Anatchula ine.

A Mpinga, amene analipo, ndi amene anandiuza mmene zinayendera. Akuti chipinda chonse chinati, "Uja wa midoli? Amene sanayimbirepo ndi mpira umodzi womwe wa pa kanema?" Mayi Likaka akuti anayankha mosakweza mawu: "Yemweyo. Akalakwitsa, munene kuti walakwitsa ndi Likaka." Ndinapita kukawapempha kuti asankhe wina. Anati, "Ndasankha kale. Chapa masokosi."

Abale, bwalo limene lija! Ine wozolowera mabwalo a fumbi okhala ndi chulu pakona, ndinaona anthu atadzaza mpaka kumwamba, mavuvuzela, ng'oma, apolisi ndi agalu. Timu ina inavala zoyera, ina zakuda. Tili pamzere kudikira kulowa, kukhosi kwanga kunauma, ndipo ndikuuzeni zoona, chimene ndinalakalaka si madzi. Ndinalakalaka kamodzi kokha, kakang'ono, koziziritsa mtima. Mayi Likaka anandiyang'ana chammbali.

"Pakhosi pauma?"

"Kwambiri, mayi."

"Ngakhale ine. Tiye."

Chigawo choyamba chinatha popanda chigoli. Pa hafu taimu, tikumwa madzi, anandigwira phewa n'kunena pamaso pa anzathu, "Dalitso, theka lako ndi lomwe lija. Usasamuke." Tonse tinaseka, ndipo mantha anachepako.

Mpira uli pafupi kutha, zigoli palibe, a zoyera anabwera mbali yanga. Kumbuyo kwanga kunali masapota a zakuda okhaokha, ndinkamva mpweya wawo m'khosi. Mnyamata wina anaumenya ali patali. Ine ndinathamanga nawo mpira uja mpaka pa kona. Unagunda chitsulo cha pamwamba, unagwera pansi, n'kudumphira kunja, goloboyi n'kuukumbatira. Zonsezo m'kuphethira kwa diso. A zoyera manja m'mwamba, a zakuda akuti pitirizani. Makina oonera kawiri kunalibe. Mayi Likaka anali atatchingidwa ndi osewera, sanaone kanthu. Anatembenuka n'kuyang'ana ine.

Ine ndinaona. Ndinali pa mzere weniweni, ndipo mpira wonse unadutsa, pakati pa mpira ndi mzere woyera panaoneka msipu. Koma mawu ena m'mutu anati, khala chete Dalitso, palibe angakutsutse, anthu ali kumbuyo kwakowa akudya wamoyo. Ndipo ukakhala kuti waona molakwa, wawaphera dzina mayi aja pa tsiku lawo lomaliza. Koma ndinaona, ndiye ndikanatani? Ndinakweza mbendera, n'kuthamanga kulowera pakati, chimene pa ntchito yathu chimatanthauza kuti chigoli chalowa.

Pa nkhani yovuta chonchi woyimbira wamkulu amaloledwa kuimitsa mpira, kubwera kwa wambendera, n'kunong'onezana naye kaye. Ambiri amatero, ndipo palibe amawadzudzula. Mayi Likaka sanabwere. Mbendera yanga isanatsike n'komwe, wezulo inalira, dzanja lawo likuloza pakati.

Kumbuyo kwanga kunaphulika. Mabotolo, zitsononkho, nsapato, zonse zinkagwa ngati matalala. Osewera a zakuda anandithamangira, maso ali psuu. Ndisanadziwe chochita, kamayi kaja kanali kataima kale pakati pa ine ndi iwo. Kaputeni wawo, chimunthu chachitali, anawerama n'kukuwa, "Mayi, mwaona inuyo? Mwaona ndi maso anu?"

"Sindinaone," anatero. "Waona uyu. Bwererani pakati."

Anamuyang'ana mpaka anabwerera. Mpira unatha ndi chigoli chomwecho, apolisi n'kutiperekeza ndi zishango. Pa wailesi anakangana sabata yathunthu, ena akuti chinalowa, ena akuti wambendera anagulidwa. Ine mpaka lero ndikatsinzina ndimauona msipu uja.

M'chipinda chovulira, anzathu atapita kukasamba, tinatsala awiri. Anakhala pa benchi akumasula zingwe za nsapato, bondo litatupa. Ine chinthu chinali chikundidya. Ndinati, "Mayi, bwanji simunabwere kudzandifunsa kaye? Mpira wanu womaliza, dzina lanu lonse, mwangoliponya pa mbendera ya munthu ngati ine osafunsa n'komwe?"

Sanadzutse mutu. Anapitiriza kumasula chingwe.

"Ndikanabwera kudzakufunsa, bwalo lonse likanadziwa kuti ndimakukayikira," anatero. "Ndipo iwenso ukanadziwa."

Ndinalowa m'bafa, ndinatsegula mpopi kuti anzanga asamve, n'kukhala pansi ndi yunifomu yomwe.

Abale anga, muno ndi m'tchalitchi, sindinama. Mowa ndimaulakalakabe, masiku ena kwambiri. Koma chichokereni ku Blantyre kuja, wina akanditambasulira botolo, dzanja ili limakana lokha. Linakwezapo mbendera mayi aja n'kuikhulupirira osafunsa, ndiye silingakanyamulenso zimenezo. Zikomo pondimvera, ndakhala pansi.